Chibwibwi cha Mtsogoleri ndi Chuma cha Jamaat pa Nthawi Yovuta

Chidule cha Khutbah ya Jumu'ah

Kuyamika ndi kutamanda konse tikupereka kwa Allah (Subhanahu wa Ta'ala), Yemwe adatilenga natipatsa malilime osiyanasiyana, ena opepuka, ena olemera. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa Maswahaba ake onse. Tikudzilangiza ife eni pamodzi ndi inu, akapolo a Allah, kuti timuope Allah poyera ndi mseri momwe.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, nkhani ya lero taitenga kutali ndi nyanja, kumadera a Mitundu ndi Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe. Ambiri a inu malo amenewa mukuwadziwa, chifukwa usipa ndi utaka wochokera kuno umakagulitsidwa m'misika imeneyi, ndipo ena mwa ana athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota adakhazikika komweko. Ena ndi ogulitsa nsomba, ena ndi atelala, ena amazinga mbuzi pamsika. Asilamu kumeneko ndi ochepa poyerekeza ndi kuno, ndipo mizikiti yawo amaimanga ndi ndalama zosonkherana pang'onopang'ono Lachisanu lililonse.

Mukukumbukira kuti mu November 2023 Reserve Bank of Malawi idalengeza kuti mphamvu ya kwacha yatsitsidwa ndi 44 peresenti. Dola imodzi, yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180, idafika pa K1,700. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene adagona ali ndi K1,000,000 yokwanira madola 847, adadzuka ili yokwanira madola 588 okha, chikhalirecho palibe wakuba amene adalowa m'nyumba mwake. Sikadali koyamba. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu May 2012 idachoka pa K168 kufika pa K250 pa dola. Nthawi zonsezi feteleza, mafuta agalimoto, malata ndi simenti zidakwera mtengo m'masiku ochepa chabe.

Pa nthawi imeneyo tidali pa ulendo woyendera mizikiti ndi madrassa a kumeneko. Pa mzikiti wina waung'ono cha ku Mitundu, jamaat idali itasonkha ndalama zogulira malata kwa zaka ziwiri. Msungichuma wawo adali bambo wachikulire, mlimi wa fodya ndi mtedza, amene ali ndi chibwibwi kuyambira ubwana wake. Mitengo itakwera, anthu adakhalira pambuyo pa Swala kuti amve momwe thumba lawo liliri. Akuluwo adaimirira, kope lili m'manja. Atafika pa mawu akuti "ndalama", lilime lidakakamira. Adayesa kachiwiri, lidakananso, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anyamata ena kumbuyo adayamba kuseka chapansipansi, ndipo wina adanena mokweza kuti, "Mwaonatu, pa ndalama pomwepo mpamene pawavuta. Adya amenewa." Pofika madzulo mawu aja adali atafika kale pamsika. M'mawa mwake anthu atatu adabwera kudzafuna kuti abwezeredwe zomwe adasonkha.

Tidapempha kuti kope lija litsegulidwe pamaso pa komiti yonse. Tidawerengera usiku wonse ndi nyali. Tambala iliyonse idalembedwa, tsiku lake ndi dzina la woperekayo, ndipo ndalama zidapezeka zonse. Chomwe chidasintha n'chakuti ndalama zomwezo sizikadagulanso malata onse omwe adali pa pulani. Kenaka mlembi wa komiti adakumbukira chinthu chimene chidatichititsa manyazi tonsefe. Pa msonkhano wa miyezi iwiri m'mbuyomo, akulu omwewa adayesa kunena kuti malata agulidwe msanga, ngakhale theka, chifukwa ogulitsa ku Lilongwe adali atayamba kubisa katundu. Adangofika pakati pa chiganizo, munthu wina wothamanga pakamwa n'kuwamalizira mawu molakwika, msonkhano n'kupita pa mfundo ina. Ife amene tikuyankhula pano tidalipo pa msonkhano umenewo, ndipo sitidawabwezere mpata wawo. Tidaona ngati tikuwachitira chifundo powapulumutsa ku manyazi. Allah atikhululukire.

Akapolo a Allah, khalidwe loyeza mtsogoleri ndi lilime lake ndi lakale kwambiri, ndipo mmodzi mwa amene adalichita poyera ndi munthu woti palibe Msilamu angafune kufanana naye. Pamene Allah adatuma Mneneri Mussa (alaihi salaam) kwa Firiauna, Mussa adali ndi vuto pa lilime. Akatswiri a Tafsir amasimba kuti ali mwana m'nyumba ya Firiauna adaika khala lamoto m'kamwa, ndipo kuyambira pamenepo kayankhulidwe kake kadalemera. Mu Surah Taha, kuyambira ndime 25, tikuwerenga dua yomwe adachita pomwe adalandira ntchito yayikuluyi. Adapempha mtima wotakasuka, adapempha kuti ntchito imupepukire, adapemphanso kuti lilime lake limasuke kufikira pakuti anthu azimva zomwe akunena. Ma Ulama ena adaona kuti iye sadapemphe kukhala katswiri woposa onse pakuyankhula. Adapempha zokwanira ntchito yake basi. Ndipo mu Surah Al-Qasas ndime 34 adavomereza yekha, mopanda nsanje, kuti m'bale wake Haruna (alaihi salaam) amayankhula momveka bwino kuposa iye, napempha kuti akhale mthandizi wake.

Tsono taonani chisankho cha Allah. Haruna adalipo, wa lilime losalala, komanso wamkulu pobadwa. Koma amene adayankhulidwa ndi Allah pa phiri, amene adapatsidwa Taurat, amene adatsogolera ana a Israeli kuwoloka nyanja ndi Mussa. Allah adadziwa bwino lomwe za lilime la Mussa, popeza ndi Iye adalilenga, koma sichidali chifukwa chomuchotsera udindo.

Nanga Firiauna adatani? Werengani Surah Az-Zukhruf ndime 51 mpaka 54. Adasonkhanitsa anthu ake n'kuyamba kudzitama ndi ufumu wa Iguputo ndi mitsinje yake. Atatha apo adanyoza Mussa pa zinthu ziwiri: kuti ndi munthu wapansi amene kuyankhula kwake sikumveka, komanso kuti alibe zibangiri zagolide. Mfundo za Mussa sadaziyankhe ngakhale imodzi. Adangoloza pakamwa pake ndi m'thumba mwake. Qur'an yolemekezeka ikutiuza kuti mwa njira imeneyi adawapeputsa nzeru anthu ake ndipo iwo adamumvera. Mnyamata uja amene adaseka kumbuyo kwa mzikiti sadadziwe kuti akubwereza mawu a ndani.

Tiyeni tinene pang'ono za chibwibwi chenichenicho, chifukwa zambiri zomwe timanena m'midzi mwathu zilibe maziko. Madokotala amati mwa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi chibwibwi, ndipo izi zili choncho m'mitundu yonse ndi m'zilankhulo zonse. Chimayamba kawirikawiri mwana ali ndi zaka pakati pa 2 ndi 5. Ana ambiri chimawathera okha akamakula, ena amakula nacho, ndipo mwa akuluakulu amuna ndiwo amachuluka kuposa akazi. Nthawi zambiri chimayenda m'magazi, n'chifukwa chake mumapeza agogo, mwana ndi mdzukulu onse ali nacho. Gwero lake lili m'mene ubongo umayendetsera ziwalo zoyankhulira. Sichibwera chifukwa cha ufiti, sichibwera chifukwa mayi adalakwira mwambo ali ndi pakati, ndipo sichikhudzana ndi kuchepa kwa nzeru. Munthu wachibwibwi amadziwa bwinobwino mawu omwe akufuna kunena, koma amakanirira potuluka.

Chomwe tiyenera kuchimvetsa kwambiri ndi ichi: chibwibwi chimakula pamene munthu wapanikizika, pamene maso onse ali pa iye, pamene akufulumizitsidwa. Ndiye kuti pa tsiku lomwe mitengo yakwera, anthu akwiya, aliyense akufuna yankho pompopompo, ndilo tsiku lomwe lilime la wachibwibwi lidzalemere koposa. Ife timaona kulemerako n'kunena kuti akubisa kanthu. Chikhalirecho ndife tomwe talemeretsa lilimelo ndi maso athu ndi phokoso lathu. Munthu yemweyo mukamupeza kumunda akucheza ndi mdzukulu wake, kapena akuwerenga Surah yomwe adailoweza bwino pamodzi ndi anzake, mawu amatuluka mosavuta.

Maiko a anzathu nakonso khalidweli lilipo. Ku Britain, mu December 2012, dziko lawo likadali pa mavuto otsatira kugwa kwa mabanki kwa 2008, phungu woyankhulira chipani chotsutsa pa nkhani za chuma, Ed Balls, adaimirira m'nyumba ya malamulo ku London kuti ayankhe ndondomeko ya chuma ya boma. Adaphunthwa pa mawu oyambirira, aphungu a mbali inayo adamukuwiza, ndipo nyuzipepala zidakamba kwambiri za kuphunthwako. Pambuyo pake iye adafotokoza kuti ali ndi chibwibwi ndipo nthawi zina chimamugonjetsa. Kaya masamu ake adali olondola kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya eni dziko. Chomwe tikuona ife n'chakuti anthu ophunzira kwambiri adasiya masamu n'kuyamba kuweruza lilime. Dziko lomwelo lidali ndi mfumu George VI, wachibwibwi, amene pa 3 September 1939 adayankhula pa wailesi kwa anthu ake nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, ndipo adawatsogolera mpaka nkhondoyo idatha. Joe Biden, yemwe adali mtsogoleri wa America kuyambira 2021 mpaka 2025, adanena poyera kambirimbiri kuti adavutika ndi chibwibwi ali mwana.

M'mbiri ya maphunziro athu a Chisilamu tili ndi Sibawayh, mwini buku lotchedwa Al-Kitab, lomwe ndi tsinde la malamulo a chilankhulo cha Chiarabu. Olemba mbiri amati lilime lake lidali lolemera ndipo cholembera chake chinkaposa pakamwa pake. Pa mtsutso wotchuka wa ku Baghdad adagonja pamaso pa Al-Kisai, koma mpaka lero wophunzira Nahau aliyense amadutsa pa khomo lake. Apa tichenjezepo pang'ono. Pali nkhani yomwe alaliki ena amakonda kuikamba, yakuti Bilal (Radhiya Allahu anhu) ankalephera kutchula chilembo cha shin pochita Adhana. Akatswiri a Hadith, kuphatikizapo Ibn Kathir, adati nkhani imeneyi ilibe maziko. Tisamangire mfundo yoona pa nsanamira yofumbwa, chifukwa maumboni oona tili nawo okwanira.

Umodzi mwa maumboni amenewo ndi Hadith yomwe adailandira Mayi Aisha (Radhiya Allahu anha), yopezeka mwa Bukhari ndi Muslim, imene ikutiphunzitsa kuti wowerenga Qur'an movutikira, uku lilime likumukanika, ali ndi malipiro awiri. Kwa Allah kuvutikira kumeneko ndi phindu, pamene kwa ife kwasanduka choseketsa. Aphunzitsi a madrassa, mawu awa ndi anu. Mwana wachibwibwi akakakamira pa ndime, musamukwapule ndipo musalole anzake kumuyeserera. Ana ambiri otere amathawa madrassa chifukwa cha kusekedwa, ife n'kumati ndi aulesi.

Wina angafunse kuti, kodi si zoona kuti mabuku a Fiqh amakamba za Imamu wachibwibwi? Zoona, ndipo sitibisa. Mu madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kuno kunyanja timatsatira, Swala ya kumbuyo kwa munthu wobwereza zilembo monga ta kapena fa ndi yolandirika, ngakhale kuti ma Ulama adati ndi makruh kumuika patsogolo. Chifukwa chake chikukhudza kawerengedwe ka Qur'an pa Swala basi. Lamulo limenelo silifika pa kusunga chuma, pa kuweruza milandu, pa upampando wa komiti kapena pa ufumu wa mudzi. Amene amalitenga n'kukalipachika pa maudindo amenewa akuonjezera m'chipembedzo zomwe mulibe.

Abale olemekezeka, tsopano titembenuzire nkhaniyi mbali inayo, chifukwa ngozi yayikulu pa chuma chathu simachokera kwa a lilime lolemera. Cha ku Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Dedza, amayi ena a gulu losungitsana ndalama adatidandaulira nyengo yomweyo. Kudabwera bambo wina wovala bwino, woyankhula Chichewa chotsetsereka chosakaniza ndi Chingerezi, wodziwa ngakhale kupereka Salaam mwa tajwid. Adawauza kuti ali ndi njira yopezera feteleza pa mtengo wakale kwacha isadagwe, bola apereke ndalama msanga mawa lisadafike. Sadakakamire pa liwu ngakhale limodzi. Palibe adamufunsa chiphaso, palibe adalemba pangano, palibe adaitana mboni. Mvula idagwa, chimanga chidamera, chidafika m'mawondo chili chachikasu, munthu uja osaoneka, foni yake yosapezeka. Za chiwongoladzanja chomwe chimalowa m'magulu ena a banki m'khonde tidzakamba Lachisanu lina, chifukwa ndi mutu pawokha.

Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) adatichenjeza za mphamvu ya lilime lakuthwa. Mu Hadith ya Mayi Ummu Salama (Radhiya Allahu anha), yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim, iye adauza anthu obwera ndi milandu kuti iye ndi munthu, amaweruza potengera zomwe wamva, ndipo n'kutheka kuti wina ndi wodziwa kuyala mfundo kuposa mnzake. Adachenjeza kuti amene wapambana mlandu mwa njira imeneyo n'kutenga cha m'bale wake, chomwe watengacho ndi chidutswa cha Moto. Talingalirani, abale. Ngati Mtumiki wa Allah adavomereza kuti lilime lakuthwa likhoza kupendeketsa chiweruzo, kuli bwanji ife a komiti ya mzikiti, kuli bwanji mafumu pabwalo? Ndi anthu angati achibwibwi amene adaluza minda ndi maukonde pa milandu chifukwa chakuti mnzawo adayankhula mphindi makumi awiri iwo akadali pa chiganizo choyamba? Qur'an nayo, mu Surah Al-Baqarah ndime 204 komanso mu Surah Al-Munafiqun ndime 4, ikutichenjeza za anthu omwe mawu awo amakoma m'khutu pamene mitima yawo ili kwina.

Musatimve molakwa. Kuyankhula bwino ndi mtendere wochokera kwa Allah, ndipo Mtumiki wathu adali woyankhula momveka kuposa Aarabu onse. Komanso chibwibwi si chiphaso cha kukhulupirika. Wachibwibwi akhoza kuba monga momwe wina aliyense angabere. Chomwe tikukana ndi kugwiritsa ntchito lilime ngati sikelo yoyezera amanah, chifukwa sikelo imeneyo imanama mbali zonse ziwiri.

Tikuvomerezanso kuti pa nkhani ya ndalama chikhulupiriro cha anthu ndi chinthu chenicheni. Mu September 2007 anthu a ku Britain adandanda pa makomo a banki ya Northern Rock kufuna ndalama zawo onse nthawi imodzi atamva kuti ili pa mavuto, ndipo chaka chotsatira boma lidachita kuitenga. Thumba la mzikiti nalonso limagwa chimodzimodzi: atatu akabwera kudzatenga zawo, mawa lake amabwera khumi. Choncho mtsogoleri pa nthawi yovuta sayenera kukhala chete. Ayenera kufotokoza, msanga ndiponso moona. Koma funso n'lakuti, chikhulupiriro chimenechi tichimange pa chiyani? Akuluakulu muli pano mukukumbukira njala ya 2002. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidali chitagulitsidwa m'zaka za 2000 ndi 2001, ndipo pamene boma linkalengeza za ngozi ya njala mu February 2002, anthu m'maboma apakati adali akudya kale gaga ndi zitsinde za nthochi. Oyankhula bwino adalipo ambiri chaka chimenecho, pa wailesi ndi pa misonkhano, koma mawu sadabwezere thumba ngakhale limodzi m'nkhokwe.

Qur'an idatipatsa maziko ake. Pamene Mneneri Yusuf (alaihi salaam) adapempha kuti aikidwe pa nkhokwe za dziko la Iguputo zaka zanjala zisadafike, mu Surah Yusuf ndime 55, adatchula makhalidwe awiri: kusunga bwino ndi kudziwa ntchito. Mu Surah Al-Qasas ndime 26, mwana wamkazi wa mkulu wa ku Madyan, polimbikitsa bambo ake kuti alembe ntchito Mussa yemweyu, adatchulanso awiri: mphamvu ndi kukhulupirika. M'malo onse awiriwa lilime silikutchulidwa.

Ndipo ndime yayitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, sikamba za Swala kapena Hajj, koma za ngongole. Ikulamula kuti pangano lilembedwe, likhale laling'ono kapena lalikulu, pamodzi ndi nthawi yake yobwezera. Ikulamula kuti pakhale mlembi wachilungamo ndi mboni. Ikufika mpaka pa munthu amene sangathe kunena yekha mawu oti alembedwe, n'kulamula kuti womuyang'anira anene m'malo mwake mwachilungamo. Allah sadasiye ufulu wa munthu uli pa nsonga ya lilime lake. Amayi a ku Nathenje akadatsatira ndime imeneyi, bambo uja akadathawa asadalandire kalikonse, chifukwa wachinyengo amaopa cholembera ndi mboni. Ndipo akulu a ku Mitundu chomwe chidawayeretsa ndi ndime yomweyi, popeza adaitsatira tsiku ndi tsiku m'kope lawo.

M'chaka cha 18 Hijiriya kudagwa chilala choopsa ku Madina ndi madera ozungulira, chomwe chimatchedwa chaka cha Ramada. Khalifa Umar bin Khattab (Radhiya Allahu anhu) adali munthu wa mawu amphamvu, koma olemba mbiri sakumbukira chaka chimenecho chifukwa cha ma khutbah ake. Amakumbukira kuti adadziletsa kudya nyama ndi mafuta a mkaka mpaka anthu atapeza chakudya, kufikira khungu lake lidasintha. Amakumbukira kuti adalembera abwanamkubwa a zigawo kupempha thandizo, ndipo Abu Ubaida (Radhiya Allahu anhu) adabwera ndi ngamira za chakudya kuchokera ku Sham. Amakumbukira kuti ankayang'anira yekha kuphika ndi kugawa. Mitima ya anthu idakhazikika chifukwa ankaona ndi maso kuti mtsogoleri wawo akudya zomwe iwo akudya.

Khutbah yachiwiri

Pambuyo poyamika Allah ndi kumufunira zabwino Mtumiki Wake, tikuti: abale ndi alongo, tchimo la tsiku lija ku Mitundu silidali limodzi. Padali kunyoza, komwe Surah Al-Hujurat ndime 11 ikuletsa, pamodzi ndi kuitanana maina achipongwe. Tili ndi chizolowezi choipa chomutchula munthu ndi chilema chake mpaka dzina lomwe makolo ake adamupatsa kuiwalika. Padali kuganizirana zoipa, komwe ndime 12 ikuletsa. Padalinso kufalitsa nkhani yosafufuzidwa, komwe ndime 6 ya Surah yomweyo ikuletsa. Masiku ano mphekesera imayenda pa WhatsApp, ndipo isadakwane nthawi ya Asr imakhala itafika kwa achibale a ku Johannesburg omwe amatumiza thandizo la mzikiti. Kumunamizira Msilamu kuti wadya chuma cha nyumba ya Allah si nthabwala. Amene adanena mawu otere, kulapa kwake sikukwanira pokhapokha atakapepesa kwa mwini wake ndi kukonza dzina lake pamaso pa anthu omwe adamva. Mnyamata uja adachita zimenezi Lachisanu lotsatira, ataimirira pamalo pomwe adasekera, ndipo tikumupemphera kuti Allah amulandire.

Kwa makomiti a mizikiti, a madrassa, a magulu a asodzi ndi a amayi, pempho lathu ndi ili. Kope la ndalama lizitsegulidwa pa nthawi yoikika, kaya msungichuma ndi wachibwibwi kaya ndi wa lilime ngati wailesi. Ndalama zisatuluke ndi siginecha ya munthu mmodzi. Malisiti asungidwe, ndipo chidule cha zolowa ndi zotuluka chizimatidwa pakhoma kuti aliyense adziwerengere. Ndipo ndalama zomwe zasonkhedwera katundu wodziwika, monga malata kapena simenti, musazigoneke nthawi yaitali pamene kwacha ikufooka. Gulani pang'onopang'ono, musunge katunduyo.

Pamsonkhano, m'bale wachibwibwi akatenga mpata, wapampando ateteze mpata umenewo. Musamumalizire mawu pokhapokha atakupemphani yekha. Musamuuze kuti "fulumirani" kapena "pumani kaye", chifukwa zonsezi zimangoonjezera kupanikizika. Muyang'aneni monga mmene mumayang'anira wina aliyense, mudikire. Ngati iye mwini akufuna kuti wina amuwerengere lipoti, monga Mussa adapemphera Haruna, n'zololedwa ndipo si manyazi, koma asankhe yekha, ndipo udindo ukhalebe wake. Kudikira kumeneku sikupitirira mphindi ziwiri kapena zitatu. Ife timatha kudikira basi pa siteji theka la tsiku osadandaula.

Kwa inu abale athu omwe Allah adakuyesani ndi lilime lolemera, tikudziwa kuti ambiri mumakana maudindo omwe mukuwatha, mumakhala kumbuyo pa misonkhano, ena mumaopa ngakhale kukafunsira mbeta. Jamaat ikutaya nzeru zanu. Dua ya Mussa ya mu Surah Taha ilowezeni, muziichita musadaimirire pagulu, ndipo mukaimirira musapepese chifukwa cha momwe Allah adakulengerani. Makolo a ana otere, musawakalipire kapena kuwabisa alendo akabwera. Yankhulani nawo modekha, muwapatse nthawi, ndipo ngati vutolo likukula pitani nawo kuchipatala akakulozereni kwa odziwa za kayankhulidwe.

Tikupempha Allah kuti atikhululukire pa zomwe malilime athu adalakwira abale athu, atipepukitsire mitengo ya zinthu, adalitse nyanja yathu ndi minda yathu, ndipo aike chuma chathu m'manja mwa okhulupirika. Ameen.

Titabwererako ulendo wathu waposachedwa, tidapeza mzikiti uja wa ku Mitundu uli ndi malata mbali ya kutsogolo yokha. Mbali ya amayi ikadali yofoleredwa ndi udzu ndi pulasitiki, ndipo mvula ikagwa amaswali mothithikana pakona. Akulu aja adafuna kutula pansi udindo, koma jamaat idawakaniza, ndipo mpaka pano kope lili m'manja mwawo. Inu amene mumapita ndi nsomba ku msika wa Mitundu, amene Allah wamupatsa kangachepe akhoza kukapereka yekha pa Swala ya Jumu'ah kumeneko. Akulu amenewo adzakulemberani lisiti, ndipo adzafuna kukuthokozani ndi pakamwa pawo. Muwadikire amalize.